Kalata yotseguka: ana athu akudwala ndi foni m'manja, tiwapititse kuti?

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Nduna ya Maphunziro, akuluakulu a bungwe la MACRA ndi a bungwe loona za njuga la Malawi Gaming and Lotteries Authority, Bwanamkubwa wa boma la Mangochi, mafumu athu, ashehe ndi abusa,

Landirani moni wanga waulemu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndilibe udindo woti nkuimirira nawo pamaso panu, ndine munthu wamba wa kuno ku Mangochi. Ndili ndi kabenchi pamsika wina m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, pomwe ndimatchaja mafoni, kugulitsa mayunitsi komanso kutumiza ndi kupatsa anthu ndalama za pafoni. Benchi imeneyi ndi yomwe yandidyetsa ine ndi ana anga, ndipo ndi yomweyonso yandionetsa zimene ndikulembazi. Ndalemba poyera dala, kuti makolo anzanga a ku Namwera, ku Makanjira, ku Malindi ndi kwa Chimwala amve nawo, poti nkhaniyi m'nyumba zambiri ikukambidwa monong'ona.

Ndiyambe ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe dzina lake ndisunga. Bambo ake ali ku Joni, monga abambo ambiri a kuno. Mnyamatayu atakhoza mayeso a Fomu 2, bambo akewo adamutumizira foni ya tachi, ndipo tsiku lomwe idafika pakhomo padali chimwemwe. Mayi ake adaona nkhope ya mwamuna wawo pavidiyo patatha zaka zitatu asanaione. Mwanayo ankati azifufuzirapo za kusukulu, ndipo miyezi yoyamba ankachitadi zimenezo. Simukhadi ndidamuikira ndine, bandulo yoyamba ndidamugulira ndine.

Zidayamba ndi magemu. Mayi ake adayamba kuona kuwala pansi pa bulangete pakati pa usiku, ndipo azana ya m'bandakucha inkalira pamzikiti iye asanatseke maso. M'kalasi ankangosinza. Nsima inkazizira pamphasa iye ali kuseri kwa nyumba komwe netiweki imagwira bwino. Mpira adasiya, kukasambira kunyanja ndi anzake adasiya. Pabenchi panga ankabwera katatu patsiku kudzatchajitsa, koma sankachoka monga achitira ena. Ankaima pomwepo, foni ili pachingwe, chala chikuthamanga pagalasi, maso ali psuu, dzuwa la kuno likumuwotcha kumsana iye osalimva. Tsiku lina ndidaigwira foniyo, idali yotentha ngati simbi yositira.

Kenako anzake adamuonetsa kandege. Kwa amene simukadziwa, ndi masewera obetcha a pafoni. Kandege kamanyamuka pagalasi, ndalama yomwe waikayo imachuluka pamene kakukwera, ndipo uyenera kuitapa kasanathawe. Ukachedwa pang'ono yonse yapita. Ulendo umodzi umatha m'masekondi ochepa, wina nkuyamba pomwepo, usana ndi usiku, popanda kudikira mpira wa Loweruka. Fizi ya teremu yachiwiri, yomwe bambo ake adakhetsera thukuta pomanga nyumba za eni ake kudziko lachilendo, idatha usiku umodzi. Idatsatira ndalama ya usipa yomwe mayi ake adasunga m'chitini kuti akabweze ku banki m'khonde. Kenako njinga.

Mlongo wanga atatopa adabisa foniyo m'dengu la ufa. Adatuma mwana kuti andiitane msanga, ndipo zomwe ndidapeza sindidzaziiwala. Mnyamata wofatsa uja, yemwe sadayankhepo mayi ake mwamwano chibadwire, adali atazula chitseko cha kuchipinda. Manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akuzungulira m'nyumba ngati munthu wachibaba cha fodya. Nditamugwira paphewa adakhala pansi nkuyamba kulira. Adati, "Amalume, musaganize kuti ndikusangalala. Ndayesa kusiya kangapo konse. Ndikaiika pansi, mumtimamu mumatentha." Kufikira tsiku limenelo ine ndinkati ndi ulesi ndi mwano, mankhwala ake ndi chikoti. Nditamva mawu amenewa ndidazindikira kuti ndikuyang'ana munthu wodwala.

Dandaulo langa loyamba, lomwenso ndi lalikulu, lagona pamenepa. Tidasowa khomo logogodapo. Achibale ena adati walodzedwa, anthu akuchita nsanje ndi foni ya ku Joni, ndiye nkhuku ndi ndalama zidapita kwa sing'anga. Ena adati ndi majini, tidamupempherera. Potsiriza tidapita naye kuchipatala china chaching'ono. Adamuyeza malungo, sadapezeke. Adamufunsa ngati amasuta chamba, adakana, ndipo nzoona sasuta. Adokotala adatipatsa mankhwala a mutu nkutiuza kuti, "Mungomulanda foniyo." Sindiwada adokotalawo. Panja padali mzere wa amayi obereka ana otentha thupi, iwo ali okha, ndipo m'kaundula wawo mudalibe polemba zimene tidabwera nazozi. Titatuluka, mlongo wanga adandinong'oneza kuti tisabwerenso, angatitumize ku Zomba.

Inu nomwe mukudziwa kulemera kwa dzina limeneli pakamwa pa anthu. Zomba Mental Hospital ndi chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo, koma kwa munthu wakumudzi, mwana wake akapita kumeneko ndiye kuti wapenga, sadzapeza banja, sadzalembedwa ntchito. A St John of God, omwenso amathandiza odwala m'maganizo, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kutali ndi mayi wogulitsa usipa. Ndikudziwa kuti zipatala za m'maboma zimakhala ndi anamwino a matenda a m'maganizo, koma ndi ochepa, ndipo kholo la ku Makanjira silingaganize zowononga ndalama ya thiransipoti chifukwa cha mwana wokonda foni ngati palibe yemwe adaliuzapo kuti zimenezi nzakuchipatala. Boma lino lili ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri ndi achinyamata. Pakati pa chikoti ndi Zomba payenera kukhala khomo lina.

Chondipweteka nchakuti matendawa ali ndi dzina kale, ife kuno ndife sitinauzidwe. Ndidazimva kwa namwino wina yemwe amatapa ndalama pabenchi panga, kenako ndidaziwerenga ndekha. Mu 1995 dokotala wa matenda a m'maganizo wa ku New York, Ivan Goldberg, adalemba za kudwala intaneti mongoseleula anzake, koma anthu adayamba kumulembera kuti zizindikiro adatchulazo ali nazodi. Mu 1996 Kimberly Young wa ku University of Pittsburgh adaika kafukufuku wake pamaso pa akatswiri anzake, ndipo mafunso omwe ankayezera anthu adawatenga ku muyeso wa matenda a njuga. Kuyambira pachiyambi pomwe zidaoneka kuti ziwirizi ndi pachibale. Mu 2013 buku la madokotala a ku America la DSM-5 lidaika njuga m'gulu limodzi ndi uchidakwa komanso mankhwala ozunguza bongo, ndipo magemu a pa intaneti lidawalemba pa zinthu zofunika kufufuzidwa bwino. Mu Meyi 2019 mayiko a m'bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, lomwe Malawi ndi membala wake, adavomereza kaundula watsopano wa matenda wotchedwa ICD-11, ndipo adayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. Mmenemo muli matenda a magemu pa nambala 6C51, moyandikana ndi matenda a njuga pa 6C50, ndipo onse awiri akuwerengera ndi za pa intaneti zomwe.

Zizindikiro zake zilipo zitatu. Munthu amalephera kudziletsa, nthawi yoyambira ndi yosiyira sikhalanso m'manja mwake. Masewerawo amakhala patsogolo pa chakudya, tulo, sukulu ndi abale. Ndipo amapitiriza ngakhale akuona ndi maso ake kuti zinthu zikuwonongeka. Zikakhala choncho kwa miyezi 12, kapena kucheperapo ngati zafika poipa kwambiri, madokotala amati ndi matenda. Namwinoyo akundiwerengera zimenezi, ine m'maso mwanga mudali mwana wa mlongo wanga ataima pabenchi paja ndi foni yotentha.

Ndinene zonse, ndisakunamizeni. WHO sidanene kuti aliyense wokonda foni ndi wodwala, idati amene amafika podwala ndi ochepa mwa osewera magemu. Kukhalitsa pa Facebook, TikTok kapena WhatsApp sikudalembedwe ngati matenda paokha, ndipo akatswiri akadatsutsana pa zimenezi. Ena akuti mwana wotere amakhala akuthawa chinthu china, nkhawa, kusungulumwa kapena kukhumudwa, foni yangokhala pobisalira. Mwina nzoona, poti wathuyu wakula bambo ali kutali. Koma ngakhale zitakhala choncho, woyenera kufufuza chimene mwana akuthawacho ndi munthu wophunzira za maganizo. Ine ndi chikoti changa sitingachipeze.

Dandaulo lachiwiri ndiyamba ndi kudziloza chala ndekha. Lamulo likuti wosakwana zaka 18 asabetche. Pashopu yobetchera mwana akhoza kubwezedwa pakhomo chifukwa nkhope ikuoneka. Pafoni palibe mlonda. Simukhadi idalembetsedwa ndi chiphaso cha amayi kapena cha amalume, ndiye kampani ikuona munthu wa zaka 40 pomwe wagwira foniyo ndi mwana wa Fomu 1. Ana ovala yunifolomu ankabwera pabenchi panga ndi K500 kapena K1,000 yokwinyika m'manja, amvekere, "Ankolo, ndiikireni pa nambala iyi." Ine ndinkaika, nkulandira kakomishoni kanga, osafunsa. Mumtima ndinkadziwa komwe ikupita. Gawo lina la fizi ija lidadutsa m'manja mwanga momwemu, ndipo zimenezi zimandisowetsa tulo. Lero ndimakana, koma pamsika pathu maejenti tilipo angapo, mwana amangosuntha mapazi khumi nkupeza womuikira. Chiyambireni ntchitoyi sindinaitanidwepo pamsonkhano uliwonse wotiuza chochita mwana akabwera ndi ndalama yobetchera.

Akuluakulu nawonso sadapulumuke. Bwerani mmawa mudzaone anyamata ochokera ku chilimira. Achezera usiku wonse panyanja, mphepo ikuwamenya, alandira gawo lawo padoko. Ena amafika pabenchi panga mamba a usipa akadali m'zala, nkuika yonse pafoni, nkukhala pansi pa mtengo. Dzuwa lisanafike pamutu mumamva, "Yadya." Kunyumba mkazi akudikira ya ufa. Anyamata a kabaza chimodzimodzi, njinga yamoto ya bwana ili poima, makasitomala akudutsa, iwo maso ali pa kandege, madzulo akusowa yokapereka ndiye akuthamangira katapila. Pamene zikutere, pawailesi mpira ukamaulutsidwa, pazikwangwani za m'misewu ndi m'mameseji obwera okha pafoni, tikungouzidwa za amene wawina. Za zaka 18 zija zimanenedwa mothamanga kumapeto. Amene wagulitsa njinga ya mayi ake palibe amamuonetsa.

Dandaulo lachitatu ndi la mabandulo a usiku. Bandulo yotchipa kwambiri ndi ija yogwira ntchito anthu atagona. Makampani ali ndi zifukwa zawo, ndipo kwa wophunzira wa kukoleji wofuna kutsitsa mabuku njothandiza. Koma pabenchi panga amene amaifuna kwambiri ndi mwana woti mmawa akhale m'kalasi. Ndalama yake yochepa ndi yomwe ikumusankhira nthawi, ndipo nthawi yake ndi ya tulo.

Lachinayi ndi la kusukulu. Mwana akagwidwa ndi foni amamulanda, kumupatsa chibalo kapena kumubweza kunyumba, komwe foni ina ikumudikira ndipo womuona palibe. Ana omwe ndawafunsa akuti m'kalasi amaphunzira za Edzi, za chamba ndi za mowa, koma za chibaba cha foni sanamvepo. Atsikana ndiye sitiwawerengera nkomwe chifukwa sazula zitseko. Amangokhala chete m'chipinda mpaka usiku, kudziyerekeza ndi nkhope za pa TikTok, kucheza ndi anthu osawadziwa, ife nkumati mwana wathu ngofatsa, sayendayenda.

Musandimve molakwa, olemekezeka. Sindikupempha kuti mutseke intaneti kapena kukweza mitengo. Foni yomweyi ndi imene imauza mlongo wanga mtengo wa usipa ku Limbe asanakweze matumba, ndi imene imabweretsa ndalama ya ku Joni, ndi imene imadyetsa ana anga. Mayiko ena adayesa kutseka ndi lamulo. South Korea mu 2011 idaletsa ana osakwana zaka 16 kusewera magemu a pa intaneti kuyambira 12 koloko usiku mpaka 6 koloko mmawa, koma mu 2021 idaganiza zochotsa lamulolo, ndipo ana ambiri ankalizemba polowa ndi mayina a makolo, monga momwe athuwa akuchitira ndi masimukhadi. China mu 2021 idapatsa ana maola atatu okha pasabata osewerera magemu a pa intaneti. Njira yomwe yandigwira mtima ine ndi ya ku England, komwe mu 2019 zipatala za boma zidatsegula kiliniki ya matenda a magemu ku London, yolandira mwana pamodzi ndi makolo ake. Ife kiliniki yaikulu sitingaikwanitse lero, koma mpando, chipinda chotsekeka ndi munthu wodziwa kufunsa mafunso tikhoza.

Choncho ndikupempha izi:

1. Unduna wa Zaumoyo ulengeze poyera, m'Chichewa ndi m'Chiyao, pawailesi za m'madera zomwe anthu amamvera, kuti kulephera kusiya magemu ndi kubetcha kwa pafoni ndi matenda odziwika, ndipo munthu akhoza kuthandizidwa. Mutipatsenso dzina la matendawa m'chiyankhulo chathu, loti mayi akhoza kulitchula kuchipatala popanda manyazi. Pakali pano mawu omwe tili nawo ndi ulesi, ufiti ndi misala basi.

2. Madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono, anamwino ndi alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe zizindikiro zitatu zija, ndipo m'kaundula mukhale polemba. Mwana akabwera ndi mutu, kusowa tulo ndi kuwonda, malungo osapezeka, afunsidwenso za foni ndi za kubetcha. Pakhale tsiku lodziwika pamwezi la uphungu m'madera monga Monkey Bay, Namwera ndi Makanjira, kuti kholo lisadikire mpaka zitseko zitazulidwa.

3. Tiwerengeni. Kamuzu University of Health Sciences ili ndi malo ake kuno ku Mangochi. Athandizidwe kufufuza m'sukulu, m'madoko ndi m'masiteji a kabaza kuti vutoli lakula bwanji, kuti mukamakonza bajeti mukhale ndi nambala zathu zenizeni.

4. A Malawi Gaming and Lotteries Authority, lamulani kuti wotsegula akaunti yobetchera atsimikizidwe kuti ndi mwini chiphaso weniweni, osati nambala ya foni yokha. Pakhale malire a ndalama yomwe munthu angaike patsiku. Munthu yemwe wazindikira kuti zamukulira athe kudzitsekera kumakampani onse nthawi imodzi, osatsegulidwanso mawa lake chibaba chikabwera. Malonda a kubetcha achoke pafupi ndi sukulu komanso pa nthawi yomwe ana akumvera wailesi. Ndipo gawo la ndalama zomwe boma limatolera kumakampani amenewa lipite kothandiza amene adwala nazo.

5. A MACRA, khalani pansi ndi makampani a mafoni kuti kholo lithe kuimba kanambala kafupi nkutseka kubetcha ndi mabandulo a usiku pa simukhadi yomwe lapatsa mwana. Ife maejenti tiitanidwe, tiuzidwe lamulo, ndipo wopezeka akuikira ana ndalama yobetchera alandidwe layini. Ine ndidzakhala woyamba kusaina.

6. Unduna wa Maphunziro uike nkhaniyi m'maphunziro a Life Skills, ndipo sukulu iliyonse ikhale ndi mphunzitsi woti mwana wogwidwa ndi foni kachiwiri kapena kachitatu akhale naye pansi pamodzi ndi kholo asanaganize zomubweza kunyumba.

7. Ogwira ntchito ku Chipatala cha pa Foni ndi pa nambala yothandiza ana ya 116 aphunzitsidwe kuyankha nkhani zimenezi. Mnyamata yemwe sangayerekeze kuima pamzere kuchipatala akhoza kuimba foni ali yekha.

8. Mafumu, ashehe, abusa ndi anamkungwi, mawu anu amafika komwe kalata ya boma sifika. Nenani za nkhaniyi pabwalo, pa Ijumaa, Lamulungu ndi kuchinamwali. Uzani makolo kuti mwana wotere asamangidwe zingwe kapena kutchedwa wakuba pagulu, apititsidwe kokathandizidwa. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo abale athu a ku Joni auzidwe kuti potumiza foni azitumizanso mawu a momwe iyendere.

A Bwanamkubwa, inu ndi amene mungasonkhanitse onsewa patebulo limodzi kuno kwathu osadikira ku Lilongwe. Mukadzaitana msonkhano wotero, muitanenso makolo ndi achinyamata omwe adutsamo.

Mwana wa mlongo wanga pano akubwereza Fomu 3. Foni ija tidagulitsa, tidabweza ngongole ya ku banki m'khonde, iye tidamugulira yamabatani yoti azilankhulira ndi bambo ake. Madzulo amandithandiza kutseka benchi, ndipo tikamapita kunyumba timacheza, zomwe kale sitinkachita. Thupi labwerera pang'ono. Koma sabata yatha, ndikuwerengera ndalama, ndidamuona atagwira foni ya kasitomala yomwe idali pachingwe, chala chili pagalasi, manja akunjenjemera ngati tsiku lija. Ataona kuti ndamuona adaibweza, nkundifunsa chapansipansi kuti, "Amalume, kodi zimenezi zimatha?" Ndidamuuza kuti ndifunsa kwa akuluakulu. Ndiye ndafunsa, ndipo yankho lanu ndikamuuza monga momwe mundipatsire.

Ine wanu modzichepetsa,

Malume wa mnyamata wina,
Mangochi